Nkhondo ya ku Ukraine ndi thumba la feteleza

Achimwene, mwafunsa ngati nkhondo ya ku Ukraine ndiyo yakweza mtengo wa feteleza. Inde, yakweza nawo, ngakhale si yokhayo. Russia ndiye amagulitsa feteleza wambiri kunja, ndipo nkhondo yake ndi Ukraine itabuka mu February 2022, kunyamula katundu wa kumeneko kunavuta. Maiko anayamba kulimbirana wochepa amene analipo, wandalama zambiri n'kumatenga.  Ife kuno ku Malawi kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye tinapsa kawiri.

Ine ndinachepetsa munda wa chimanga n'kudzala soya ndi nandolo, zosalira feteleza wambiri, ndipo pakhomo sipanasowe chakudya. Koma musanachepetse feteleza wa chimanga, itanani alangizi a zaulimi aone dothi lanulo.