Katswiri akukana kuti tiike siling'i

Funso: Ndikumalizitsa nyumba ku Area 49, mu Lilongwe. Ndinalemba katswiri woti aziyang'anira ntchito yam'kati, koma akukana kuti amisiri aike siling'i, akuti tidikire kaye. Komwe ndikukhala lendi ikundipweteka. Kodi mwini ndalama si ine? — Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Mayi, za lendi ndikukumvetsani. Koma munthuyo musamutaye.

Mufunseni chomwe akudikira. Ndikuganiza kuti ndi mawaya amagetsi ndi mapaipi amadzi odutsa kudenga. Zimenezi zimayenera kuyesedwa zisanatsekeredwe, ndipo malata aonedwe ngati sakudontha. Bolodi la gypsum, lomwe amapangira siling'i, likamwa madzi limafufuma n'kugwa.

Nditangoyamba kumene ntchito yoyang'anira zam'kati mwa nyumbayi, ndinagonjera bambo wina amene ankafulumira kulowa m'nyumba Khirisimasi isanakwane. Tinapaka penti pulasitala asanaume bwino. Mvula ya Januwale itabwera, khoma lonse la pabalaza linasendeka ngati mbatata yophika. Ndinadziwa kuti zidzatero, koma ndinaopa kuwakhumudwitsa. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndalama anandilipira kuti ndiwauze zoona.

Komabe katswiri wanuyo asamangoti "dikirani". Akulembereni papepala chomwe chatsala, amene achite, ndi tsiku lomwe siling'i iyambike. Azifika yekha pamalopo, osati kumangofunsa kapitawo pafoni. Mumufunsenso poyera ngati amalandira kenakake kusitolo komwe amakutumizani kukagula matailosi.

Akakufotokozerani zonsezi, chigamulo n'chanu ndithu. Mukasankhabe kufulumira, iye alembe kuti anakuchenjezani, inu musayine.