Mlonda wa nduwira pakhomo la banki: atsamunda ankamuopanji?

Bambo wina wa ku Zomba wandilembera kalata ya pa intaneti ataona chithunzi chakale cha ku Shanghai: Mmwenye wandevu zambiri, nduwira kumutu, ndodo m'manja, akulondolera magalimoto pamsewu. Funso lawo ndi lakuti, ngati Angerezi ankawadalira anthu amenewa, bwanji ankawapanikiza ndi malamulo?

Bambo, zikomo pofunsa. Amenewo ndi Asikh, anthu a chipembedzo cha Chisikh ochokera ku Punjab, ku India. Ku Hong Kong anayamba kuwalemba upolisi mu 1867, ku Shanghai mu 1884. Ngakhale kuno kwathu Harry Johnston anabweretsa asilikali achisikh mu 1891, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, uja anafera pankhondo yolimbana ndi Makanjira, mfumu ya Ayao.

Koma wapolisi sankawasowetsa tulo atsamunda. Iyeyo anali ndi nambala, ankagona ku kampu, bwana wachizungu ali pamutu pake. Amene ankawadetsa nkhawa ndi mlonda. Anthu ambiri ankachoka ku Punjab okha, atamva kwa abale kuti kunja kuli ndalama, ndipo upolisi ukawakana kapena akausiya, ankakalondera mabanki, masitolo ndi nyumba zosungiramo katundu. Ku Singapore ankawatchula kuti jaga. Usiku mlondayo ankayala bedi lake la zingwe chopingasa pakhomo penipeni, kuti wakuba ayambe wamudumpha iyeyo. Masana ena ankakongoza ndalama za katapila kwa makalaliki. Taganizani: munthu wodziwa mfuti, wokhala ndi kangachepe kake m'thumba, wopanda kapitawo waboma womulamula.

Mantha anakula ndale zitalowapo. Mu 1913 Amwenye okhala ku America anayambitsa chipani cha Ghadar chofuna kuthamangitsa Angerezi ku India, ndipo nyuzipepala zake zinkadutsa m'madoko omwewa. Mu 1914 sitima ya Komagata Maru inanyamuka ku Hong Kong n'kukafika ku Vancouver, ku Canada, ndi Amwenye 376, koma pafupifupi onse anawabweza osaponda n'komwe kumtunda, ngakhale anali nzika za ufumu womwewo wa Britain. Mu 1927 Buddha Singh, mkulu wa apolisi achisikh ku Shanghai yemwe ankatsina khutu boma za anzake, anawomberedwa ndi Msikh mnzake. Chaka chotsatira, mu 1928, Hong Kong inakhazikitsa lamulo loti alonda azilembetsa m'kaundula wa polisi.

Ine chimene chimandipweteka n'chakuti anthu amenewa analibe kolowera. Matchaina ankawada, n'kumawanena kuti "mitu yofiira" chifukwa cha nduwira zawo, makamaka apolisi atawombera anthu ochita zionetsero pa Nanjing Road ku Shanghai pa 30 Meyi 1925. Amene analamula kuti mfuti zilire tsiku limenelo anali mzungu, Inspector Everson, koma nkhope imene anthu ankakumana nayo pamsewu m'mawa uliwonse inali ya Msikh uja mwamuona pachithunzipo.