Chuma cha ku America cha m'ma 1950 chinalowera pakhomo pa ndani?

Achemwali, mwafunsa kuti ngati zaka za m'ma 1950 zinali za mwanaalirenji ku America monga amanenera andale a kumeneko, nanga bwanji m'zaka zomwezo anthu akuda anali pamsewu kuchita zionetsero. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo n'zolumikizana kwambiri. Ndiyankha motalikirapo, mupirire nane.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, mizinda ya ku Germany ndi ku Japan inali mabwinja, Britain ili m'ngongole, koma mafakitale a ku America anali chilili. Pafupifupi theka la katundu wopangidwa m'mafakitale padziko lonse ankachokera kumeneko. Anthu anali atasunganso ndalama, poti nthawi ya nkhondo kunalibe choti agule, ngakhale makampani a magalimoto ankapanga akasinja ndi ndege. Mtendere utabwera, aliyense anafuna galimoto, firiji ndi nyumba nthawi imodzi. Ana nawo anabadwa osati masewera, pafupifupi 76 miliyoni kuyambira 1946 kufika 1964. Mabungwe a ogwira ntchito anali ndi mano: mu 1950 bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale a magalimoto la UAW, motsogozedwa ndi Walter Reuther, linagwirizana ndi kampani ya magalimoto ya General Motors pangano la zaka zisanu lokhala ndi penshoni, thandizo la kuchipatala, ndi malipiro okwera mitengo ya zinthu ikakwera. Bambo wosapita ku koleji ankatha kudyetsa banja ndi malipiro amodzi.

Chimene andale aja sakonda kutchula ndi dzanja la boma. Mu 1944 pulezidenti Franklin Roosevelt anasainira lamulo lotchedwa GI Bill, loti msilikali wobwera kunkhondo boma limulipirire sukulu komanso limuyimire kubanki akafuna ngongole ya nyumba. Oposa 2 miliyoni analowa nalo m'makoleji. Mu 1956 pulezidenti Dwight Eisenhower anavomereza misewu ikuluikulu ya mamailosi 41,000. Olemera kwambiri ankadulidwa msonkho wofika 91 peresenti pa gawo lapamwamba la zimene ankapeza. Choncho wina akamati anthu a nthawi imeneyo anadzikweza okha ndi thukuta lawo, mumufunse kuti anawayimira kubanki ndani.

Kuti muone bwino, tiyeni ku Levittown, kunja kwa mzinda wa New York. Kumeneko kunali minda ya mbatatesi. Kuyambira 1947 William Levitt anamangapo nyumba zoposa 17,000 m'zaka zinayi. Amisiri anagawidwa m'magulu, lililonse ndi ntchito yake imodzi: awa kuthira simenti, awa kukhoma makoma, awa kupenta, akatha apa ulendo poloti yotsatira. Pena ankamaliza nyumba 30 pa tsiku. Nyumba ya zipinda zogona ziwiri, yokhala kale ndi firiji, chitofu ndi makina ochapira, inkagulitsidwa madola 7,990. Msilikali wakale ankalowa osapereka ndalama yoyambira yodziwika, n'kumabweza pafupifupi madola 60 pamwezi, zomwe sizinkaposa lendi ya m'tauni. Ndi njira ngati imeneyi mabanja okhala m'nyumba zawozawo anachoka pa 44 peresenti mu 1940 kufika pa 62 peresenti mu 1960.

Koma m'pangano la nyumba za Levitt munali chiganizo chakuti wosakhala mzungu asakhalemo, pokhapokha ngati ali wantchito wa pakhomo. Sanali Levitt yekha. Nthambi ya boma ya FHA, yomwe inkayimira ngongole za nyumba, inkaona madera okhala anthu akuda ngati malo otayirako ndalama, ndipo mabanki ankatsatira. GI Bill payokha sinatchule khungu la munthu, koma inkayendetsedwa ndi maofesi ndi mabanki a m'deralo, ndipo kummwera oyendetsawo anali azungu okhaokha. Ku Mississippi mu 1947, pa ngongole zoposa 3,000 zimene boma linayimira asilikali akale, ziwiri zokha ndi zimene zinapita kwa anthu akuda. Munthu wavala yunifolomu yomweyo, wakwera sitima kupita ku nkhondo yomweyo, pobwera auzidwa kuti banki siyingamuthandize. Izi zimandiwawa nthawi zonse ndikaziganiza.

Mu 1957 William ndi Daisy Myers anagula nyumba ku Levittown ina ya ku Pennsylvania. Mwamunayo anali msilikali wakale. Usiku ndi usiku anthu mazanamazana ankasonkhana panja pa nyumbayo kukuwiza, mwala unaswa zenera, mpaka apolisi a boma la Pennsylvania anabwera kudzalondera. Amenewa sanapemphe chaulere, anagula ndi ndalama zawo.

Ndakhalitsa pa nkhani ya nyumba chifukwa malipiro amatha mwezi ukatha, pomwe nyumba imakwera mtengo, imakhala chikole mwana akafuna fizi ya ku koleji, ndipo makolo akamwalira imatsalira ana. Amene anakanizidwa mu 1950 anapitiriza kulipira lendi m'katikati mwa mizinda, ndipo ina mwa misewu ya Eisenhower ija inadutsa pakati penipeni pa madera awo, monga Overtown ku Miami ndi Rondo ku St. Paul, n'kugwetsa nyumba, matchalitchi ndi mabizinesi.

Tsono zionetsero zija zinaphukira m'chuma chomwechi. Anthu akuda oposa 1 miliyoni anali atatumikira m'gulu la nkhondo, ndipo ambiri sanabwerere ndi mtima wogonja. Medgar Evers, amene anatsogolera NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, ku Mississippi mpaka kuphedwa mu 1963, anali mmodzi wa iwo. Ena mamiliyoni anasiya minda ya thonje kupita ku Chicago ndi Detroit, kumene ankatha kuvota, andale n'kuyamba kuwawerengera. Ku Montgomery, Rosa Parks atamangidwa mu December 1955 chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando m'basi, anthu akuda ananyanyala mabasi masiku 381, ndipo kampani inamva kuwawa chifukwa okwera ambiri anali iwowo. Wailesi ya kanema, yomwe mu 1950 inali m'nyumba imodzi pa khumi koma pofika 1960 inali m'nyumba pafupifupi zisanu ndi zinayi pa khumi, inaonetsa dziko lonse ana asukulu akuda akulowa m'kalasi ku Little Rock mu 1957 ataperekezedwa ndi asilikali. Ngakhale Africa inalowapo: mayiko athu atayamba kulandira ufulu, akazembe awo ankakanizidwa chakudya m'malesitilanti a mumsewu wa Route 40 ku Maryland, ndipo boma la John Kennedy linachita manyazi pamaso pa mdani wake Soviet Union.

Za amayi amene anachotsedwa m'mafakitale nkhondo itatha, ndi za wandale Joseph McCarthy wosaka achikomyunizimu, n'zofunika funso lakelake.

Malamulo anasintha ndithu: khoti lalikulu linaletsa tsankho m'sukulu za boma mu 1954, kenako kunabwera lamulo la ufulu wa nzika mu 1964 ndi la kuvota mu 1965. Koma loletsa tsankho pogulitsa nyumba linadza mu April 1968, patangopita sabata Martin Luther King ataphedwa. Apa n'kuti nyumba zotchipa zija zitapeza kale eni ake, ndipo pofika 1973 mafuta anakwera mtengo, mafakitale n'kuyamba kuchepetsa antchito. Lero mabanja a azungu atatu pa anayi alionse ali m'nyumba zawo, pomwe a anthu akuda sakwana theka.