Lancaster yokana kukhota pansi: yankho kwa aphunzitsi a ku Katete

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Katete amene amaulutsa ndege pa kompyuta madzulo akaweruka. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Akulu, ndili ndi Flight Simulator X ndi joystick yopotokola, mapedulo ndilibe. Cessna ndi Boeing 737 ndimaziyendetsa pansi bwinobwino. Tsopano ndaika Lancaster, koma ikukana kukhota. Ndikapotokola joystick imangopita kutsogolo, kenako mwadzidzidzi imazungulira n'kuyang'ana kumene yachokera. Kodi anaipanga molakwika? Ndisinthe chiyani m'mafayilo kuti izimvera?"

Aphunzitsi, mafayilo muyambe mwawasiya kaye. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti amene anapanga ndege yanuyo anatsatira Lancaster yeniyeni, ndege yoponya mabomba ya ku Britain ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, chifukwa nayonso inali ndi khalidwe lomwelo. Cessna ili ndi gudumu kutsogolo lolumikizidwa ku mapedulo, ndiye mukaponda kumanzere gudumulo limatembenuka ndipo ndege imatsatira. Lancaster ili ndi magudumu awiri akuluakulu pansi pa mainjini am'kati, ndi kagudumu kamodzi kumchira. Kagudumu kameneko kalibe chingwe kapena ndodo yochokera kwa woyendetsa. Kamangotembenukira kulikonse kumene mchira wapita. Mukapotokola joystick mukugwedeza rudder yokha, mbali yotembenuka ya zipsepse za kumchira imene imakhotetsa mphuno ya ndege, ndipo rudder imagwira ntchito pokhapokha mphepo ikamaiwomba mwamphamvu. Ndege yolemera matani 30 ikamayenda pang'onopang'ono pabwalo, mphepo yotero palibe.

Kuzungulira kwadzidzidzi kuja kuli ndi chifukwa chakenso. Pa ndege ya gudumu lakumchira, pakati pa kulemera kwake pamakhala kumbuyo kwa magudumu aakulu. Mchira ukangoyamba kupatukira kumbali, kulemera konse kuja kumaukankhira kumbali komweko, ndipo kukhota kumene munakuyamba pang'ono kumadzikulira kokha. Mukachedwa kuletsa, mchira umapitirira kutsogolo kwa mphuno. Oyendetsa ndege amati ground loop, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zimenezi zinathyola miyendo ya ndege zambiri zisananyamuke n'komwe.

Nanga anyamata oyendetsa Lancaster yeniyeni ankakhota bwanji? Kumbukirani ngolo ya ng'ombe ikamachoka kumunda ndi chimanga. Ngolo ilibe chiwongolero. Pofuna kukhotera kumanzere, mnyamata amafulumiza ng'ombe ya kumanja n'kugwira pang'ono ya kumanzere. Pa Lancaster, kufulumiza kumachitika ndi injini yakunja ya mbali ina, ndipo kugwira kumachitika ndi buleki ya gudumu la mbali imene mukukhoterayo. Mainjini amawerengedwa kuyambira kumanzere: 1 ndi yakunja kumanzere, 2 ndi 3 ndi am'kati, 4 ndi yakunja kumanja. Pokhotera kumanzere mumawonjezera moto pa injini 4, chifukwa ili kutali ndi thupi la ndege pa phiko, ndiye kukoka kwake kumazunguza ndege mosavuta. Mapiko a Lancaster ndi otalika mamita 31 kuchokera kunsonga kufika kunsonga, choncho moto wochepa chabe pa injini yakunja umakwanira.

Apa pali chinthu chimene ambiri amene amatsitsa ndege zakalezi sachidziwa, ndipo ndicho chimasokoneza kwambiri: mabuleki a ndege za ku Britain ndi a ndege za ku America sankagwira ntchito mofanana.

Avro Lancaster, imene inauluka koyamba mu 1941 ndipo zinapangidwa 7,377, inali ndi mabuleki a mpweya. Pa chiwongolero cha m'manja panali kachitsulo kofinya ndi zala. Woyendetsa akafinya mapedulo ali pakati, mpweya unkapita ku magudumu onse awiri mofanana. Akafinya ataponda pedulo ya kumanzere, mpweya wambiri unkapita ku gudumu la kumanzere, ndipo la kumanja linkamasuka. Ndiye dzanja linkapereka mphamvu, phazi n'kumasankha mbali. Spitfire, ndege ina ya ku Britain, nayo inali chimodzimodzi. Mpweyawo unkasungidwa m'thanki imene inkadzazidwa ndi pampu yoyendetsedwa ndi injini, kotero munthu wofinya mabuleki kosalekeza ankaumaliza asanafike pa runway, msewu wonyamukirapo ndege. N'chifukwa chake ankafinya pang'ono n'kusiya, kufinya n'kusiya. Tsiku limene muli ndi bandulo yokwanira, fufuzani pa YouTube mavidiyo a Lancaster NX611 yotchedwa Just Jane, imene imayendetsedwa pansi ku East Kirkby m'dera la Lincolnshire ku England. Tcherani khutu pansi pa phokoso la mainjini a Merlin: mudzamva mpweya ukuti tsii, tsii, nthawi iliyonse woyendetsa akamasula zala. Onaninso mmene dzanja lake lamanja silichokera pa ma throttle, zogwirira zowonjezera ndi kuchepetsa moto wa mainjini. Ine ndimaona kuti mphindi zochepa za vidiyo yoteroyo zimaphunzitsa kuposa tsamba lonse limene ndikulembali.

Boeing B-17 ya ku America, imene inauluka koyamba mu 1935, inali ndi mabuleki a mafuta, pedulo iliyonse ndi buleki yakeyake pamwamba poponda ndi zala za kuphazi. Inalinso ndi loko ya gudumu lakumchira. Poyenda mowongoka, ponyamuka ndi potera, ankakhoma lokoyo kuti gudumu liyang'ane kutsogolo kokha, ndipo asanakhote ankaitsegula. Mukadzaika B-17 n'kupeza kuti ikukana kukhota ngakhale mwaponda buleki, musathamangire kufayilo, loko ndi yokhoma. Mu Flight Simulator X imatsegulidwa ndi kukhomedwa ndi Shift ndi G. B-24 Liberator ndi B-25 Mitchell zili ndi gudumu kutsogolo ndithu, koma nalonso ndi longotembenuka lokha, choncho mainjini ndi mabuleki ndi amene amakhotetsa.

Tsopano tibwere pa kompyuta yanu. Choyamba lowani mu Settings, pa Realism, muchotse chizindikiro pa Autorudder. Chikakhalapo, pulogalamu imayendetsa rudder m'malo mwanu ndipo mumalimbana nayo osadziwa. Kenako pa Controls onani mzere wa rudder: null zone, kagawo kapakati kamene joystick imasuntha pulogalamu osamva, ikhale yaing'ono, yongokwanira kuti rudder isamagwedezeke yokha joystick ikakhala phee, ndipo sensitivity ikhale pamwamba. Anthu ambiri amatsitsa sensitivity poganiza kuti ndege ifatsa, koma zimangochititsa kuti rudder izichedwa kumva, ndipo pa ndege ya gudumu lakumchira kuchedwa ndiye kumene kumabweretsa ngozi.

Mabuleki a mbali imodziimodzi alipo kale pa kiyibodi: batani lina ndi la kumanzere, lina ndi la kumanja, ndipo muwapeza pa Controls pomwepo. Vuto lake ndi loti ali kutali ndi dzanja, ndipo malaiti akapita mukugwiritsa ntchito batire ya laputopu, mumdima muja mumadina olakwika. Asamutsireni pa mabatani awiri a joystick amene chala chachikulu chimafikapo popanda kuyang'ana, lina kumanzere lina kumanja. Kusintha kumeneku kokha kumathetsa theka la dandaulo lanu. Batanilo muzilidina mwachidule n'kusiya. Mukalikanikiza nthawi yaitali gudumu lam'kati limaima n'kukhala ngati chikhomo chimene ndege ikuzungulirapo, ndipo pa ndege yeniyeni zimenezi zinkaletsedwa chifukwa zinkapotokola tayala ndi mwendo womwe. Gudumu lam'kati liziyendabe, ngakhale pang'onopang'ono.

Mainjini nawo mungathe kuwalekanitsa popanda kugula chilichonse. Dinani E kenako 4, ndiye kuti throttle yanu, kapena F3 yowonjezera ndi F2 yochepetsa, ikulamula injini 4 yokha. E kenako 1 ndi ya injini 1. Mukamaliza dinani E, 1, 2, 3, 4 mofulumira kuti onse abwerere pamodzi. Musaiwale zimenezo musananyamuke, chifukwa kutsegula moto wonse pa injini imodzi yakunja kumakutayani m'tchire nthawi yomweyo. Poyamba zala zimasokonezeka, ndikudziwa, koma zimazolowera.

Kakhotedwe kake kali chonchi. Ndege ikuyenda pa liwiro la munthu woyenda mofulumira, osapitirira pamenepo, joystick mwaikokera kwa inu kuti mchira ukhale pansi. Mwafika pokhotera kumanzere. Onjezerani moto pang'ono pa injini 4, potokolani rudder kumanzere, dinani buleki ya kumanzere kamodzi. Dikirani. Mphuno imayamba kusuntha mochedwa, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kuwonjezeranso moto. Musatero. Ikangoyamba kusuntha chotsani moto uja, ndipo mphuno isanafike kumene mukufuna, yambani kale kuletsa ndi rudder ya kumanja ndi kabuleki ka kumanja. Mukadikira kuti mphuno ifike kaye, mwachedwa. Maso anu aziyang'ana patali, ku phiri kapena kumapeto kwa bwalo, chifukwa kumeneko ndi kumene mumaonera msanga kuti ndege yayamba kupatuka.

Zimenezi zikatheka, ndiye tingatsegule fayilo. Ili mu foda ya SimObjects, kenako Airplanes, kenako foda ya ndege yanu, ndipo dzina lake ndi aircraft.cfg. Ikopereni kaye pena musanakhudze chilichonse. Itseguleni ndi Notepad, ndipo Windows ikakana kusunga, tsegulani Notepad ngati administrator.

Fufuzani gawo lotchedwa contact_points. Mupeza mizere yoyamba ndi point.0, point.1, point.2, uliwonse ndi manambala olekanitsidwa ndi makoma. Mzere umene nambala yake yoyamba ndi 1 ndi wa gudumu. Werengani ndi chala pa sikirini: nambala yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi zikunena pamene gudumu lili, yachisanu ndi mphamvu ya kugunda imene lingapirire, ya 6 ndi buleki, ya 7 ndi kukula kwa gudumu, ya 8 ndi madigiri a kutembenuka. Pa nambala ya 6, gudumu la kumanzere likhale ndi 1, la kumanja 2, lakumchira 0. Ndege zina zaulere zimabwera manambala amenewa atasokonezeka, ndipo zikatero mabatani a mabuleki aja sangakuthandizeni ngakhale mutadina bwanji. Pa gudumu lakumchira, nambala ya 8 ikakhala 180 ndiye kuti gudumu ndi lomasuka ngati la ndege yeniyeni.

Kenako pitani pa gawo la brakes. Mzere umene ndikufuna muuone ndi differential_braking_scale. Ukakhala 0, buleki imagwira magudumu onse mofanana. Ukakhala 1.0, pulogalamu imagawa buleki motsatira kumene rudder yaloza, ndipo amenewa ndiwo mabuleki a Lancaster enieni aja. Ngati mzerewo palibe, ulembeni nokha. Mukatero ikani buleki wamba pa trigger ya joystick: chala chikufinya, dzanja likupotokola, ndipo joystick yanu yopanda mapedulo ija yasanduka chida choyenera ndege imeneyi kuposa mmene mumaganizira. Ngati mabuleki akuluma kwambiri mpaka mchira kudzuka, tsitsani toe_brakes_scale pang'onopang'ono. Sinthani chinthu chimodzi, sungani, sankhani ndege ina kenako mubwerere ku Lancaster kuti pulogalamu iwerengenso fayilo, yesani, ndiye mupite pa china.

Pa intaneti mudzapeza ambiri akulangiza kuti muchotse 180 ija muikepo 45 kapena 60. Zimagwira ntchito ndithu: gudumu lakumchira limayamba kutsatira rudder ndipo ndege imakhota ngati Cessna. Kwa munthu amene ali ndi kiyibodi yokha, kapena amene dzanja limamuvuta, sindingamuletse. Koma inu aphunzitsi muli ndi joystick, ndipo ndikukupemphani kuti musayambire pamenepo. Anyamata amene ankayendetsa ndege zimenezi ambiri anali a zaka za m'ma 20, ndipo ankazitulutsa usiku, zitadzaza mafuta ndi mabomba, pa tinjira topapatiza tozungulira bwalo, imodzi pambuyo pa inzake. Gudumu limodzi likagwera m'matope, mzere wonse wakumbuyo unkaima. Munthu amene waika Lancaster pa kompyuta yake ayenera kulawako pang'ono ntchito imene inali m'manja mwawo. Dziwaninso kuti ndege zina zogula zili ndi pulogalamu yakeyake yoyendetsa magudumu ndi mabuleki, ndipo zimenezo kusintha fayilo kungaziwononge, choncho werengani buku lake kaye.

Poyeserera, musayambire pa bwalo lathu la Chipata, la zilembo FLCP, ngakhale mtima ukufuna kwathu. Ndi laling'ono kwa ndege ya mapiko otere. Pitani ku Lusaka, kumene runway ndi yotalika pafupifupi makilomita 4. Mu Flight Simulator X, imene inatuluka mu 2006, bwaloli mulipeza ndi zilembo zakale FLLS, osati FLKK za masiku ano. Zimitsani mphepo yonse. Yendani pa mzere wapakati kuchokera kumapeto kufika kumapeto, tembenukani, bwererani. Mukatha kuchita zimenezo osatuluka pa phula, ikani mphepo yochepa yochokera m'mbali, muone mmene ndege imafunira kuloza kumene mphepo ikuchokera chifukwa cha zipsepse zake ziwiri za kumchira. Mukazolowera, samukirani ku Mfuwe, FLMF, kenako mubwere kuno.

Ponyamuka, Lancaster ya mainjini a Merlin imakokera kumanzere. Tsegulani moto pang'onopang'ono, mainjini a kumanzere akhale patsogolo pang'ono, mpaka liwiro litakwera ndipo rudder yayamba kumva, ndiye mufananitse onse. Ngati kiyibodi ikukuvutani pamenepa, tsegulani onse pamodzi koma modekha kwambiri, mutapotokola kale rudder kumanja. Mchira musaudzutse mwadzidzidzi, chifukwa nazonso zimawonjezera kukokera kumanzere kuja.

Zikakanikabe, ndikopereni mizere ya point.0, point.1 ndi point.2 pamodzi ndi gawo lonse la brakes, munditumizire pa imelo yomweyi, ndipo mundiuzenso mtundu wa joystick yanu.