Kwa msuweni, za Mary Pratt ndi mabotolo a jamu aja

Eee, msuweni, wadzuka bwanji kumeneko? Uthenga wako ndaumva, chithunzi chija ndachionanso, cha mabotolo a jamu ali pa shelefu dzuwa likuwapyoza. Wati ndikuuze ngati ndi foto kapena chojambula pamanja, komanso kuti Mary Pratt ameneyu anali ndani. Ndiyankha, koma usandithamangitse. Enanu muli pagulu pano amene bandulo yakuperewerani, ingodumphani, ndilankhula nthawi yaitali.

Ndi chapamanja. Penti ya mafuta, burashi, basi. Dzina lake ndi Jelly Shelf, anachijambula Mary Pratt yemweyo mu 1999, ndipo mu 2007 a positi a ku Canada anachiika pa sitampa. Zaka zonsezi uli konko sunachione pa envelopu? Aaa, paja iwe makalata unasiya kalekale kulemba, azakhali amadandaulabe.

Mayiyu anabadwa pa 15 Malichi 1935 ku Fredericton, m'chigawo cha New Brunswick, kubanja la a West. Bambo ake anakhalapo loya wamkulu wa boma la chigawocho. Zojambula anaphunzira ku Mount Allison University, ku Sackville, komwe ankaphunzitsa ojambula Alex Colville ndi Lawren P. Harris. Komweko anakumana ndi Christopher Pratt, wojambula mnzake, n'kukwatirana mu 1957. Tsono tamvera apa. Harris uja anamuuza kuti m'banja wojambula amakhala mmodzi yekha, ndipo m'banja lawo ameneyo ndi bamboyo. Atapita ku Glasgow, mwamuna anamulandira pa sukulu ya zojambula, iye anamukaniza chifukwa anali woyembekezera. Digiri anadzaimaliza mu 1961 ali kale ndi ana awiri. Mu 1963 anasamukira ku Salmonier, ku Newfoundland, kumudzi kwenikweni m'mbali mwa mtsinje, ndipo pofika 1964 ana anali anayi. Anayi, msuweni. Wawerenga? Iwe ako ndi atatu.

Ndiye tsiku lina mu 1968... iyayi, dikira, 1968 ndi chithunzi chake china, cha bedi lokhala ndi chofunda chofiira. Ndikunena 1969. Banja latha kudya chamadzulo, mbale zili mbwee patebulo, botolo la ketchup lili pompo, dzuwa lolowa likudutsa pazenera n'kugwera pa zonsezo. Iye anafuna kujambula pomwepo, koma dzuwa lamadzulo silidikira munthu, mphindi zochepa mthunzi wasuntha. Mwamuna wake anatenga kamera, anatola foto ya silaidi, tija tounikira pakhoma ndi projekita. Kuchokera pa silaidi imeneyo anajambula Supper Table. Kuyambira pamenepo ntchito yake inkayenda chonchi: kutola silaidi, kuiunikira pa hadibodi yopakidwa gesso (andakoti yoyera ya ojambula), kulondola mizere ndi pensulo, kenako masabata ambiri akupenta ndi timaburashi ting'onoting'ono ta ubweya wofewa, timizere topingasana, mpaka pomwe burashi inadutsa osaonekanso. Koma mtima unamuvuta. Ankaona ngati kugwiritsa ntchito foto ndi kubera, mpaka anaika maburashi pansi kwa kanthawi n'kuyamba zosoka.

Apa ndiye ndakumbukira amalume, bambo ako aang'onowo. Mukukumbuka nonse nkhani ya chithunzi cha agogo, chaka cha chiliza chija? Ana inu a dzulodzulo simungaidziwe, tamverani.

Amalume nthawi imeneyo akulemba masayini ku Limbe, magolosale, mabasi, malo ometera, zonse zinali zawo. Banja linawapempha kuti pofika tsiku la chiliza pakhale chithunzi chachikulu cha agogo. Foto inalipo imodzi yokha, ya pa chitupa, yakuda ndi yoyera, kukula ngati chala chachikulu. Inkakhala mu sutikesi yobiriwira ija. Eya, yomweyo, tisayambenso nkhani ya sutikesi.

Ulendo woyamba zinakanika, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Masiku anali atatha, mvula ili pakati. Anatenga hadibodi yosapaka andakoti, n'kuyamba kupenta mbali imodzi ndi golosi yomweyo ya masayini. Hadibodi yosatseka imamwa mafuta a mu penti ngati chinkhupule, ndiye pena penti inawala pena inazimirira, nkhope yonse mawangamawanga. Chachiwiri, bolodi ukalinyowetsa mbali imodzi yokha limakoka mbali imodzi, linapindika ngati lichero. Chachitatu, pofuna kubisa mawangawo anathira penti yochindikala pamwamba pa ina yosauma. Golosi imayamba kuuma pamwamba, imachita kachikopa, pansi pakadali pamadzi, ndiye kachikopako kamakwinyika. Agogo anatuluka ndi makwinya oti pamoyo wawo analibe. Azakhali atalowa anangogwira pakamwa, kutuluka osanena kanthu.

Amalume sanatsutse. Anakagula bolodi lina, anauza banja kuti chithunzi chibwera pambuyo pa chiliza, amene akwiye akwiye. Ndipo anthu anakwiyadi, wina amene ali pagulu pompano sanawalankhule mpaka Khirisimasi, sinditchula dzina. Ulendo uno anapala mbali yosalala ndi sandipepala mpaka kunyezimira kuja kutatha, anapukuta fumbi, anapaka andakoti kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete monse, kawiri, n'kulisiya litagona pansi sabata yathunthu. Foto ija sanafune kuilemba ndi pensulo poti inali imodzi yokha. Anaikhomera pa kathabwa, anakhoma timisomali m'mphepete motalikirana mofanana, n'kukulunga ulusi wosokera mopingasa ndi motsika, foto yonse inagawika timabokosi. Pa bolodi anajambula mabokosi ochuluka chimodzimodzi koma aakulu, ndipo ankasamutsa bokosi limodzi pa nthawi: diso likuyambira pati m'bokosi ili, mphuno ikudula ulusi uti. Penti anaisungunula ndi thinala, kupaka mopyapyala, tsiku limodzi nkhope, mawa lake osaikhudza, kumapenta duku.

Tsono pali mawu amene ananenedwa pakhonde paja. Wina anawapeza ndi ulusi wawo n'kunena kuti, aaa, ndiye mukungokopera foto, zimenezo aliyense angathe. Koma taganiza, msuweni. Foto ija inalibe mtundu. Duku lofiirira lija anaika ndani? Mphini za pamasaya, zimene pa chitupa sizinkaoneka n'komwe, anaika ndani? Momwe ankapendeketsera mutu akamamvetsera munthu? Foto inangowauza kuti diso lili apa, khutu lili apa. Zina zonsezo zinachokera mwa iwo. Tsiku limene anachivundukula, munthu yemwe uja wa zokopera ndi amene anayamba kulira. Mpaka lero chili pabalaza, hadibodi yake sinapindike.

Eee, ndinali pati... Mary Pratt. Anabwerera ku maburashi, ndipo zithunzi zimene anthu amamudziwa nazo zinabwera pambuyo pa kukayika kuja. Eviscerated Chickens mu 1971, nkhuku ziwiri zososola ndi kutumbula kale. Red Currant Jelly mu 1972, kabolodi kosafika theka la mita mbali zonse, lero kali ku National Gallery of Canada. Nsomba pa foyilo, nsomba pa pulasitiki yokulungira chakudya, 1974. Zinthu za m'khitchini zokhazokha, chifukwa ndi mmene ankakhala tsiku lonse. Mu 1975 ntchito zake zinaonetsedwa ku National Gallery pamodzi ndi za amayi ena a ku Canada, ali ndi zaka 40. Mu 1995 ku Beaverbrook Art Gallery, kwawo ku Fredericton, anasonkhanitsa ntchito zake za zaka zambiri. Mu 1996 anapatsidwa ulemu wa Companion of the Order of Canada, 1997 mphoto ya Molson. Mu 2013 chionetsero china chachikulu chinayambira ku The Rooms, ku St. John's, n'kuzungulira dziko. Anamwalira pa 14 Ogasiti 2018 ali ndi zaka 83. Mwa ana anayi aja, Barbara ndi wopenta, Ned ndi wotola mafoto.

Tsono iwe. Iwe sunafunse za mayi wa ku Newfoundland ayi. Munthu amene anajambula gulu lonse la kwaya kumbuyo kwa kalendala ali Fomu 2 sangalephere kusiyanitsa foto ndi penti, usatipusitse. Ukufunsa ngati n'zotheka kuyambiranso uli ndi ana ndi ntchito, komanso ngati kujambula kuchokera pa foto ya mufoni ndi kubera. N'zotheka, ndipo si kubera. Yambiranso.

Uchite chonchi. Gula hadibodi ya mamilimita 3, akudulire masentimita 30 kwa 40, osaposa apo, bolodi lalikulu limagwetsa ulesi. Pala mbali yosalala ndi sandipepala ya 220, pukuta ndi kansalu konyowa pang'ono. Gesso upake katatu kapena kanayi mopyapyala, ulendo wina mopingasa wina motsika, pakati pake ola limodzi, ndipo ukauma uliwonse upalepo pang'ono ndi ya 320. Kumbuyo upakenso, wamva za lichero zija. Ulisiye masiku atatu usanaikepo penti ya mafuta, chifukwa gesso imaoneka youma pamwamba madzi akadali mkati.

Foto utole wekha. Botolo limodzi, kaya la uchi kaya la jamu, pafupi ndi zenera, kuwala kuchokere mbali imodzi, magetsi a m'nyumba uzimitse, fulashi ayi. Fulashi imapha mthunzi, ndipo popanda mthunzi botolo limakhala lafulati. Utole zitatu foni osaisuntha: yabwinobwino, yodera kuti uone zili m'malo owala, yowala kuti uone zili mumthunzi. Foni ili ndi khalidwe lodetsa mthunzi kukhala bii ndi kuyeretsa powala kukhala mbee, ndiye ukaitsata mwakhungu chithunzi chimafa. Botololo ulisiye pompo, uzilisuzumira. Projekita sukufunika. Sindikiza foto pa masentimita 15 kwa 20, mabokosi a masentimita awiri, pa bolodi a masentimita anayi, zikwana ndendende. Pensulo ikhale yolimba, 2H, usadinikize, yofewa imasakanikirana ndi penti yoyera n'kuidetsa.

Popenta, muyalo woyamba ukhale wopyapyala, wosungunula ndi thinala ya ojambula, miyalo yapamwamba ndi imene uziwonjezera mafuta a linseed, osakanizira penti, pang'onopang'ono. Ukatembenuza, wamafuta pansi wouma msanga pamwamba, pakapita nthawi penti imang'aluka. Mitundu siuma mofanana: burnt umber (yofiirira yodera) mawa lake yauma, titanium white (yoyera) ndi alizarin (yofiira) zimatha sabata. Khudza m'mphepete ndi chala, ikamata, isiye. Ndipo galasi, tamvetsa apa, galasi silipentedwa. Umapenta timagawo ta mitundu timene ukutiona, apa kofiira kodera, apa kachikasu, apa kotuwa, kalikonse pamalo pake, galasi limadzatulukira lokha. Kuyera kwenikweni kuja, kadontho konyezimira, n'komaliza, ndipo kamakhala kochepa kuposa mmene dzanja likufunira. Vanishi udikire miyezi isanu ndi umodzi.

Ziwiri zokha za chitetezo, poti muli ana. Thinala, ngakhale ija amati ilibe fungo, imafuna mpweya, ndipo kwanuko nthawi yozizira mazenera mumatseka, ndiye chitini chizikhala chotseka, zenera utsekule pang'ono. Nsanza zonyowa ndi linseed usaziunjike m'bini, zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Uziyanike imodziimodzi kapena uzimize m'chitini cha madzi chokhala ndi chivundikiro.

Nthawi? Foto ndi imene imakupatsa nthawi. Dzuwa lija lagwidwa kale, likudikira, iwe ukhoza kupenta theka la ola ana atagona, bokosi limodzi kapena awiri, mawa n'kupitiriza pomwe unasiyira. Ndi chimene silaidi inamuchitira mayi uja ali ndi ana anayi. Ndiye ndikubwereza, foto si kubera, imangokusungira kuwala, chotsalacho ndi dzanja lako. Yambiranso.

Eee, ndaona mphindi zapita. Amalume akadzuka wina awaseweretse uthengawu, awonjezere ngati ndadumpha china pa za ulusi zija. Iwe msuweni, Loweruka likubwerali ndikufuna foto ya hadibodi yopaka gesso mbali zonse ziwiri, pagulu pompano, osati kumbali. Wamva? Uyambirenso. Moni kwa alamu ndi ana.