Chembe, mudzi wapakati pa phiri ndi nyanja

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera pa imelo kuti: "Ana anga akufuna tikaone ku Cape Maclear. Ndamva kuti ndi malo otetezedwa ndi boma, nanga anthu a m'mudzi wa Chembe amakhalamo bwanji?"

Mayi, mudziwo unalipo kale paki isanabwere. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mbuna, tinsomba ta mawangamawanga timene timakhala m'miyala. Polemba malire, boma linasiya Chembe ndi midzi ina ya asodzi pomwe inali, paki n'kuizungulira.

Chembe ili ku Cape Maclear komweko, m'boma la Mangochi, m'dera la Nankumba, pamene mtunda umathera m'nyanja. Mukachoka cha ku Monkey Bay mumakhotakhota m'mapiri, kenako mumangotulukira pamchenga, zilumba za Thumbi ndi Domwe zili patsogolo panu. Malo olima ndi ochepa, ndipo anyani ochokera m'phiri sasiya chimanga. N'chifukwa chake moyo wa pano uli pa nsomba. Usiku nyali za asodzi zimandandalika panyanja, m'mawa usipa uli mbee pamathandala, amayi akuutembenuza.

Azungu amishoni a ku Scotland anafika pano mu 1875 pa sitima ya Ilala, pamodzi ndi Dr Robert Laws, n'kumanga mishoni yoyamba ya Livingstonia. Malungo anawasautsa kwambiri, ena anamwalira ndipo manda awo alipo mpaka lero. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe. Eni mudzi anatsala pomwepo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti alendo ambiri amathera pa malo ogona a m'mphepete mwa madzi, osalowa m'mudzi. Anthu akuchuluka koma malo sakukula: kumbuyo phiri ndi la paki, nkhuni satola mwachisawawa, ndipo pafupi ndi miyala ya zilumba saloledwa kuponya ukonde. Kuteteza mbuna n'koyenera, sindikutsutsa, koma amene akusenza mtolo wake ndi anthu a Chembe.

Mukapita, mayi, lembani bwato la mwana wa m'mudzimo, muwaonetse ana manda a amishoni aja, ndipo pobwerera mukayezetse likodzo, chifukwa m'madzi a kumeneko limapezeka.