Mphaka wa ku Spain amene moyo wake wadalira kalulu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa ana za chilengedwe. Anafunsa kuti: "Ndamva kuti mphaka wam'tchire wotchedwa Iberian lynx anatsala pang'ono kutheratu, koma pano akuchulukanso. Kodi chinsinsi chake n'kungowaweta m'makola kenako n'kuwamasula?"

Zikomo mayi. Kuweta kunathandizadi, koma nkhani yagona pa kalulu.

Mphakayu amapezeka ku Spain ndi ku Portugal basi. Wamphongo amalemera makilogalamu pafupifupi 13, wamkazi 9 kapena 10. Ndi wamawangamawanga, mchira wake ndi waufupi ngati wodulidwa, m'masaya muli ubweya wolendewera ngati ndevu, ndipo kunsonga kwa makutu kuli tiubweya takuda toima njo. Koma pakudya ndi wosankha zedi. Pa nyama 10 zimene amadya, 8 kapena kuposapo ndi akalulu. Wamkulu amafuna kalulu mmodzi patsiku, woyamwitsa ana amafuna atatu.

Tsono m'ma 1950 matenda a myxomatosis anapulula akalulu m'dera lonselo. Asanachire bwinobwino, chakumapeto kwa ma 1980 kunabukanso matenda ena otayitsa magazi m'kati mwa thupi. Uku njala, uku misampha ndi mfuti, uku tchire likusanduka minda ndi misewu. Pofika 2002 amphakawa anali osakwana 100, m'malo awiri okha a kumwera kwa Spain: ku Doñana ndi kufupi ndi tauni ya Andújar.

Ana oyamba kubadwira m'khola anabadwa mu 2005 kumalo owetera amphakawa otchedwa El Acebuche, ku Doñana. Make, dzina lake Saliega, anaswa atatu. Chisangalalo sichinakhalitse, chifukwa pasanathe miyezi iwiri ana awiri anamenyana mpaka mmodzi anafa. Apo m'pamene osamalira anadziwa kuti ana a mphakayu akafika mwezi wachiwiri amalumana koopsa, ndipo amawayang'anira usana ndi usiku kudzera pa makamera. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti anthuwa amalera nyama imene sayenera kuizoloweza nkhope zawo. Ana oti adzamasulidwe amapatsidwa akalulu amoyo kuti aphunzire kugwira okha, ndipo amawaopseza dala kuti akaona munthu azithawa.

Komabe mphaka woleredwa bwino chonchi mukamusiya m'tchire lopanda kalulu, sakhala. Amayenda mtunda wautali kufunafuna chakudya, ndipo ambiri amathera pamsewu. N'chifukwa chake ntchito yaikulu inachitikira kunja kwa makola: kumanga mauna a akalulu ndi miyala ndi zipika, kufesa mbewu zoti azidya, kuika madzi nthawi yachilimwe, ndiponso kukhala pansi ndi eni malo komanso alenje. Alenjewo anaona okha kuti kumene kuli mphakayu nkhandwe zimachepa, moti akalulu ndi nkhwali zimapezako mpumulo. Ine ndimaona kuti popanda mgwirizano umenewu makola onse aja akanapita pachabe.

Kalembera wa 2023 anapeza amphaka oposa 2,000, ndipo mu June 2024 bungwe la IUCN, loona za kuteteza chilengedwe padziko lonse, linamutsitsa pa mlingo wa nyama zotsala pang'ono kutha n'kumuika pa mlingo wocheperako. Ana anu muwauze zimenezi mosangalala, n'zoyeneradi.

Koma musawauze kuti wapulumukiratu. Amphaka onsewa anachokera ku kagulu kochepa kaja, choncho ndi apachibale kwambiri, ndipo mliri umodzi ukhoza kuwagwira ambiri nthawi imodzi. Magalimoto ndiwo akupha ochuluka chaka ndi chaka. Ndipo kalulu yemweyo, amene mphakayu sangakhale popanda iye, IUCN inamulemba mu 2019 pa gulu la nyama zimene zili pangozi yakutha kwawo komweko ku Spain ndi ku Portugal.